Anthu achete a pa Ntaja: chipala, khonde ndi benchi

Mudzi wa kwathu sunakonzedwere munthu wachete. Ku Ntaja, monganso m'midzi yambiri ya Machinga ndi Balaka, munthu amayezedwa ndi pakamwa pake ndi miyendo yake: ngati amalonjera mokwanira, ngati amaoneka pa maliro, ngati amakhala pansi akapeza anzake pamthunzi. Moni wathu ndi wautali. Umafunsa za kunyumba, za ana, za odwala, za mvula, ndipo ukangodutsa ndi "zikomo" wouma, dzina lako likhala ndiwo ya nsima yamadzulo. Miyambi nayo inatsamira mbali imodzi. Kali kokha n'kanyama. Mutu umodzi susenza denga. Chetechete sautsa nyama. Wolasa kuposa yonse ndi uja wa nzeru zayekha amene anaviika nsima m'madzi.

Komabe palibe mudzi umene unasowapo munthu wa mtundu winawo. Amalankhula pang'ono, gulu limamutopetsa, macheza opanda mutu amamuwawa. Akaona chinthu sakhutira ndi kunja kwake, amafuna adziwe mmene chimayendera m'kati. Amaona kumene nkhani ikathere anzake akadali kukangana za poyambira, ndipo savomera mfundo chifukwa chongoti wanena ndi wamkulu. Mayina timamupatsa ambiri: wodzipatula, wonyada, wamwano, wouma mtima. Nthawi zina timamupatsa dzina loopsa kuposa onsewa, ndipo ndifikako.

Achinyamata a mafoni a intaneti anamupezera dzina lina. Amayankha mafunso angapo pa foni, kenako amauzidwa kuti ndi INTJ kapena INTP, ndipo amazilengeza pa Facebook. Zilembozi zili ndi mbiri yake. M'chaka cha 1921 dokotala wa maganizo wa ku Switzerland, Carl Jung, anatulutsa buku limene anagawamo anthu: ena mtima wawo umayang'ana kunja, kwa anthu ndi zochitika, ena umayang'ana m'kati, ena amagamula nkhani poyeza mfundo, ena pomvera mtima, ena amadalira zimene maso aona ndi manja akhudza, ena amanunkhiza kumene zinthu zikulowera. Ku America, Katharine Cook Briggs ndi mwana wake Isabel Briggs Myers anatenga maganizowa n'kupanga mafunso ogawa anthu m'magulu 16. Ntchitoyo anaiyamba pa nthawi ya nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, ndipo mafunsowo anasindikizidwa mu 1962. Mu 1978 David Keirsey anasonkhanitsa magulu anayi okhala ndi zilembo N ndi T n'kunena kuti awa ndi anthu otsogoza kulingalira. Akatswiri ambiri a maganizo sakhulupirira muyeso umenewu, chifukwa munthu yemweyo akayankhanso patapita milungu ingapo amatha kupeza zilembo zina. Inenso sindivomera kuti anthu onse a Mulungu angakwane m'magulu 16. Koma munthu amene zilembozo zikuyesa kumufotokoza ndimamudziwa, ndipo anali pano kalekale.

Ndikutsindika zimenezi chifukwa Jung yemweyo, amene anafika ku phiri la Elgon m'malire a Kenya ndi Uganda mu 1925, ankalemba za Aafirika ngati anthu amene maganizo awo sanasiyane kwenikweni ndi a gulu. Ifenso tikamanyadira umunthu wathu timalankhula ngati kuti tonse tinabadwa okonda chigulu. Si zoona. Mbiri ya ntchito zamanja za kuno ikuonetsa kuti munthu woganiza payekha analipo nthawi zonse, ndipo mudzi unkamupezera pokhala, kawirikawiri m'mphepete mwake.

Malo ake oyamba anali chipala. Yohanna Abdallah, wansembe wa Anglican amene ankatumikira ku Unangu m'dziko la Mozambique, analemba mbiri ya Ayao m'buku la Chiikala cha Wayao, limene linasindikizidwa ku Zomba mu 1919. Iye akufotokoza kuti malonda aakulu a Ayao sanayambe ndi mafumu a mfuti. Anayamba ndi Achisi, mbumba ya osula, amene ankayenda mudzi ndi mudzi kugulitsa makasu, nkhwangwa ndi mipeni, mpaka anakafika kunyanja yaikulu n'kubwerako ndi nsalu. Njira ya ku Kilwa inatseguka motero. Pambuyo pake mafumu anailanda, n'kuisandutsa njira ya minyanga ya njovu, mfuti, onga ndi akapolo, ndipo chilonda chimenecho sitiyenera kuchibisa. Ayao a Machinga, a mafumu ngati Kawinga ndi Liwonde, atatsikira kuno chapakati pa zaka za m'ma 1800 kuchokera kumtunda kwa mtsinje wa Lujenda, anapeza Anyanja ndi Amang'anja a m'mbali mwa Chilwa, Chiuta ndi Shire, amenenso anali akatswiri osungunula chitsulo ndi kuwomba nsalu za thonje.

Taganizirani ntchito ya munthu wa ng'anjo. Ankasankha miyala yokhala ndi chitsulo, n'kuwotcha makala a mitengo yolimba, n'kusanja zonsezi m'ng'anjo yadothi. Moto ukayaka, zimene zikuchitika m'katimo sakanaziona. Ankaziwerenga pa mtundu wa lawi, pa kalilidwe ka mpweya, pa fungo la utsi. Akalakwitsa pang'ono, ntchito ya masiku ambiri inkathera m'zinyalala zakuda zopanda phindu. Atachotsa chitsulocho, pa chipala pankafunika kudziwa nthawi yeniyeni yochichotsera pamoto ndi mbaniro n'kuchiika pansi pa nyundo, mvukuto ukupumira pambali. Sindikunena kuti wosula aliyense anali wachete, koma ntchitoyo inkakomera munthu wotha kusunga chithunzi cha chinthu chosaoneka m'mutu mwake kwa nthawi yaitali, osafuna womucheza.

Mwambo nawo unkamuthandiza. Ng'anjo inkamangidwa kunja kwa mudzi. Osungunula ankadzisunga, osagona ndi akazi awo pa masiku a ntchitoyo, ndipo si aliyense ankaloledwa kuyandikira. Makolo anali ndi zifukwa zawo za kutentha ndi kuzizira kwa thupi, zimene zinali zenizeni kwa iwo. Ine ndimaonamonso chinthu china: mwambowu unkapatsa munthu chilolezo chokhala payekha popanda womunena. Kudzipatula kwake kunali ndi dzina laulemu.

Ulemu umenewo unayamba kutha ndi kubwera kwa Azungu. Mu 1895 asilikali a boma la Britain anagonjetsa Kawinga ndi kulanda linga lake pa phiri la Chikala, ndipo maulendo a ku Kilwa anazilala. Kunabwera msonkho wa nyumba, kunabwera masitolo a Mandala ndi a Amwenye okhala ndi makasu opangidwa m'mafakitale akunja. Ng'anjo zinazima m'badwo umodzi usanathe. Osula anatsala, koma tsopano ankasula zidutswa za njanji ndi masipuling'i a galimoto, ndipo ena anasanduka okhoma ndowa ndi mbaula.

Kuti timvetse chifukwa chake ufundi unali wofunika kwa mwamuna wachete wa kuno, tiyenera kukumbukira chikamwini. Mwamuna amakakhala kwawo kwa mkazi, pakati pa apongozi ndi alamu, pa dothi losakhala lake. J. Clyde Mitchell, amene anafufuza moyo wa m'midzi ya Ayao kuno kuyambira 1946 mpaka 1949 n'kulemba buku la The Yao Village mu 1956, anaonetsa mmene mudzi unkazungulira pa mbumba ndi mwini mbumba, mmene maukwati ankathera kawirikawiri, ndiponso mmene kunenezana ufiti kunkagawira midzi pakati. M'mudzi wotero mkamwini ankatetezedwa ndi chikoka chake. Wodziwa kuseka ndi alamu, kucheza ndi amalume a mkazi, kupereka fodya pabwalo, ankakhala. Wachete ankayang'anidwa ndi diso lina. Kodi akutiganizira chiyani? Bwanji sadya nafe nkhani? Munthu wotere akakhala ndi luso lomutengera kumsika m'mawa n'kumubweza madzulo ali ndi sopo ndi mchere m'manja, ukwati wake unkapuma.

Panalinso chifukwa china. Masukulu ambiri a nthawi ya atsamunda anali m'manja mwa mamishoni, ndipo makolo ambiri achisilamu ankakana kutumizako ana poopa kuti akabatizidwa. Choncho mnyamata wanzeru wa ku Ntaja, amene akanabadwira ku Khondowe akanakhala mphunzitsi kapena kalaliki wa boma, ankathera ku madrasa kwa mwalimu, kenako kwa fundi. Nzeru zambiri za dera lino zinalowa m'makina osokera, m'malaya ndi m'mikanjo, m'matabwa ndi m'njinga. Telala ankakhala pakhonde la sitolo ya Mmwenye ndi makina ake a Singer, wogula nsalu m'kati n'kutulukira kwa iye. Khondelo linali malo abwino kwa munthu wachete: ali pakati pa anthu, koma mutu uli pansi, phazi likupalasa, ndipo palibe womudzudzula kuti sakuyankha. M'zaka za m'ma 1970 boma la Dr. Banda linalamula Amwenye kuti achoke m'misika ya kumidzi n'kukachita malonda m'mizinda ikuluikulu yokha, ndipo pofika 1978 masitolo ambiri anali otseka. Matelala anatsala ndi makonde opanda nsalu. Kaunjika atasefukira m'zaka za m'ma 1990, ambiri anangotsala ndi yunifomu za sukulu ndi zigamba.

Amalume anga anali a m'badwo wotsatira, wa wailesi. MBC inayamba mu 1964, ndipo posakhalitsa mawailesi a Nzeru, olumikizidwa ku Blantyre, anafika m'midzi. Amuna obwerera kuchokera ku Joni ndi ku Salisbury ankabwera ndi mawailesi akuluakulu ndi magalamafoni. Zonsezi zinkafa, ndipo zinkafuna munthu. Amalume anaphunzira ntchitoyi ku Limbe, n'kubwerera kudzaika benchi pafupi ndi msika wa Ntaja.

Benchi imeneyo ndimaikumbukira bwino. Panali zitini zakale za mkaka, chilichonse ndi zake: timasikuluwu umu, timawaya umu, tizigawo tochotsedwa m'mawailesi akufa umu, zosanjidwa mwa dongosolo limene ankalidziwa iwo okha. Magetsi kunalibe, ndiye chitsulo chowotcherera ankachitenthetsa pa mbaula, n'kuchiyandikiza patsaya kuti amve ngati chafika. Anali ndi kope la sukulu lojambulamo njira za mawaya a wailesi iliyonse imene anaitsegulapo, ndipo mawu ofotokozera ankawalemba m'Chiyao ndi zilembo za Chiarabu zimene anaphunzira ku madrasa. Munthu akabwera ndi wailesi, nkhani inkakhala yaifupi.

"A fundi, wailesiyi yangosiya kulankhula."

"Inagwa?"

"Iyayi, a fundi."

Ankaitembenuza, n'kuloza pakona pamene pulasitiki inachita mng'alu. "Inagwa. Bwerani Lachinayi."

Sankanena zimenezi pofuna kuchititsa munthu manyazi. Kwa iwo funso linali la wailesi, ndipo yankho labodza linkangotalikitsa ntchito. Koma mwini wailesi ankachoka atakhumudwa, ndipo mayi anga, mlongo wawo, ankawadandaulira kuti, "Achimwene, anthu samafuna choonadi chouma chotero, muzithirako mawu." Iwo ankangoyankha kuti wailesiyo ilira.

Nthawi zambiri ankakhala osaikhudza n'komwe. Ankaitsegula, n'kuiyang'ana, manja ali pamaondo, mwina theka la ola. Odutsa ankaganiza kuti akuwodzera. Kenako ankatenga chitsulo chija n'kukhudza malo amodzi, basi. Ndikawafunsa kuti adziwa bwanji, ankavutika kufotokoza. Yankho linkawafikira lathunthu, ndipo njira yofikirako ankachita kuifufuza pambuyo, chifukwa cha ine. Chimene sankapirira ndi kudulidwa pakati. Munthu akawalonjera ali m'kati moganiza, nkhope inkagwa, ndipo moni wawo unkatuluka mochedwa. Anthu ankati ndi matama. Ine ndinkaona munthu amene wagwetsedwa pamene anali pafupi kufika.

Zachilendo zina zinali zing'onozing'ono. Chakudya chimodzimodzi tsiku ndi tsiku sichinkawatopetsa. Ankagula malata limodzilimodzi kwa zaka, n'kumasunga kudenga, nyumba imene adzafolere isanakumbidwe n'komwe maziko, koma muyeso wake unali kale m'kope muja. Anzawo enieni anali awiri, ndipo ankatha kukhala nawo madzulo onse pa bawo osalankhula mawu okwana khumi. Bawo, masewero a maenje 32 ndi nkhomo 64 amene ali pachibale ndi a Aswahili a kugombe, ndi malo amene mudzi wathu umalola munthu kukhala chete pagulu n'kumutamanda chifukwa cha chetecho. Oonerera amachita phokoso, koma katswiri amawerenga m'mutu kuti akatakata apa dzanja likagona pati, mnzake akadya zingati, iye adzabwezera bwanji. Pamenepo mwambi umene umagwira ntchito ndi wina: kuona maso a nkhono n'kudekha.

Chikondi chawo sichinkadutsa pakamwa. Sindinawamvepo akuuza munthu kuti amukonda kapena kuti pepani kwambiri. Koma fizi yanga ya ku sekondale inkafika tsiku lake lisanakwane, ndipo njinga ya mayi anga inkapezeka yothiridwa mafuta popanda wopempha. Pa maliro sankakhala pa gulu la amuna ocheza usiku wonse. Ankapezeka kumanda m'bandakucha pamodzi ndi adzukulu, kapena kuseri kwa mzikiti akukhoma jeneza limene mwendo wake unagwedera.

Za maliro zikundikumbutsa kuti dera lino linakanganapo kwambiri pa nkhani ya chete. M'zaka za m'ma 1930 ndi 1940 Asilamu a kuno anagawikana. A twaliki, otsatira njira ya Qadiriyya, ankaperekeza maliro ndi sikiri, mbendera ndi mawu okweza. A sukuti ankati maliro aziyenda mwakachetechete, ndipo ankatsamira pa zimene anawerenga m'mabuku a chipembedzo. Unali mkangano wa chiphunzitso, osati wa chibadwa cha anthu, ndipo mbali zonse zinali ndi mashehe ophunzira. Koma amalume ankakonda kunena kuti bambo awo anapita kwa a sukuti mtima utatsogola, mfundo n'kubwera pambuyo. Ndikukhulupirira kuti analipo ambiri otero, amene anapeza mpumulo pomva kuti kukhala chete pamaso pa imfa si kuuma mtima.

Tsopano dzina loopsa lija. Chaka china m'mudzi mwathu munabwera mwayi wa mjigo, ndipo anthu anasonkhana kuti asankhe malo. Ambiri anafuna kumunsi, kufupi ndi dambo, chifukwa madzi sakhala patali. Amalume anaimirira, chinthu chimene sankachita kawirikawiri, n'kunena kuti pamenepo madzi adzakhala amchere. Anali ataona kuti m'chilimwe dothi la pamalopo limachita zoyera pamwamba, monga limachitira m'zigwa zambiri zoyang'ana ku Chilwa, ndiponso kuti udzu womera pamenepo ndi wosiyana ndi wa kumtunda. Koma zifukwazi sanazifotokoze. Ananena chiganizo chimodzi, n'kukhala pansi. Mkulu wina anawafunsa ngati analowapo pansi pa nthaka, anthu anaseka, ndipo iwo sanabwerezenso. Kwa iwo mfundo yoona inkakwanira kunenedwa kamodzi.

Mjigo unakumbidwa kumunsi. Madzi anatuluka amchere, osathetsa ludzu, osachita thovu ndi sopo. Ndipo nkhani imene inayenda m'mudzi sinali yoti a fundi ananena zoona. Inali yoti a fundi anadziwa bwanji. Amayi ena anasiya kutuma ana kunyumba kwawo. Mawu akuti ufiti sananenedwe pabwalo, koma ankamveka kuseri kwa nkhokwe. Zinazilala patapita nthawi chifukwa anthu ankafunabe mawailesi awo, ndiponso chifukwa anali pa mudzi wa mbumba yawo, pakati pa alongo awo. Akanakhala mkamwini, kapena nkhalamba yopanda ana, sindikudziwa kuti zikanathera pati.

Apa m'pamene pali ngozi yeniyeni ya munthu wa mtundu uwu pakati pathu. Zizindikiro zimene timapatsa mfiti ndi zomwezo zimene munthu woganiza payekha amabadwa nazo: kukonda kukhala yekha, kusaseka ndi gulu, kuyenda nthawi zachilendo, kudziwa chinthu chisanachitike. Lamulo loletsa kunenera munthu ufiti lakhalapo kuyambira 1911, koma silinatseke pakamwa pa anthu. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1930 gulu la mchape linayenda m'dziko muno mpaka ku Northern Rhodesia, anyamata okhala ndi magalasi oyang'anira akufoletsa midzi yathunthu kuti aloze mfiti. Mu Januwale 2016 ku Neno anthu okalamba anayi anaphedwa ndi anthu a m'mudzi mwawo atanenedwa kuti ndiwo anatumiza mphenzi. Ndipo William Kamkwamba wa ku Wimbe, m'boma la Kasungu, pamene ankatola zitsulo zotayidwa kuti amange makina opanga magetsi ndi mphepo, anthu ankamutcha wamisala. Iye dziko linadzamudziwa, buku lake linatuluka mu 2009 ndipo filimu inatsatira mu 2019. Anzake ambiri a mtima womwewo amathera pa dzina loyambalo.

Sindikufuna kunamizira kuti vuto lonse lili kwa mudzi. Amalume akanatha kufotokoza za dothi loyera lija, akanatha kupita kwa a mfumu madzulo n'kukambirana nawo mofatsa, monga amachitira anthu odziwa kuyendetsa nkhani. Sanatero, chifukwa kunyengerera anthu ankakuona ngati kutaya nthawi, ndipo mudzi unamwa madzi amchere kwa zaka. Munthu wotere amafunika womumasulira. Mafumu anzeru akale ankadziwa zimenezi: pambali pa nduna yodziwa kulankhula pabwalo ankasunga munthu wina amene ankamufunsa kuseri, usiku, mlandu usanagamulidwe.

Zonse ndanenazi ndi za amuna, ndipo n'chifukwa choti chipala, khonde ndi benchi anali malo a amuna. Mkazi wobadwa ndi mtima womwewu njira yake inali yopapatiza kwambiri. Poyamba amatamandidwa, chifukwa ku nsondo ndi kunyumba mtsikana amaphunzitsidwa kugwetsa maso ndi kuchepetsa mawu, ndiye chete wake amaoneka ngati ulemu. Tsiku limene adzatsegule pakamwa n'kuuza mwamuna wake kapena amalume ake kuti mfundo yawo ndi yolakwika, anthu amazindikira kuti sanali kugonja, anali kuganiza, ndipo chitamando chimasanduka mkwiyo. Kumtondo, kuchitsime ndi kumaliro, kumene akazi amamangira ubale wawo, kulibe pobisala. Mkazi wosakonda macheza a pamjigo amaoneka msanga kuposa mwamuna wosakonda macheza a pagolosale.

Agogo anga aakazi, mayi a amalume aja, anali woumba mbiya, ndipo ndikuganiza kuti mwana wawo anatengera kwa iwo. Ankapita okha kukakumba dothi kumalo amene anawasankha atayesa malo ambiri, n'kumalisakaniza ndi mapale osinja mwa muyeso umene sankauza munthu. Kuumba kunkawapatsa chimene ng'anjo inkapatsa amuna: chifukwa chomveka chokhalira kuseri kwa nyumba tsiku lonse popanda wowafunsa. Akazi ena otere ankakhala odziwa zitsamba kapena azamba, ntchito zofuna diso lakuthwa ndi mtima wosatekeseka. Ndowa zapulasitiki ndi mapoto a m'sitolo zinachepetsa ntchito ya mbiya, ndipo mu 2007 boma linaletsa azamba kubereketsa amayi m'midzi. Zifukwa za chiletsocho zinali zomveka, pakuti amayi ambiri ankafa pobereka. Koma malo a mkazi woganiza payekha anacheperachepera. Lero ndimamupeza pa banki m'khonde, atagwira kope la ndalama, ndipo gulu limamudalira ngakhale limamunena kuti ndi wovuta chifukwa salola kuti chiwerengero chipindike pofuna kusangalatsa munthu.

Sukulu ikanayenera kukhala chipala chatsopano cha ana otere, anyamata ndi atsikana omwe. Chotchinga chakale chija chinagwa, ana a Asilamu ndi a Akhristu amalowa limodzi, ndipo mu 1994 maphunziro a pulayimale anakhala aulere. Koma kalasi ya ana oposa 100 si yachilendo kuno, ndipo m'kalasi yotero mphunzitsi amadziwa ofuula ndi osokoneza. Mwana amene wamvetsa kale, amene akufuna kufunsa chifukwa chake lamulo la masamu lili choncho, amangokhala kumbuyo. Akafunsa, nthawi zina amauzidwa kuti akufuna kuyesa aphunzitsi.

Benchi ija sinafe, inangosintha katundu. Mafoni a m'manja anafika m'dziko muno chapakati pa zaka za m'ma 1990, kampani ya Celtel n'kubwera mu 1999, ndipo patapita zaka anadzaza midzi. Pa Ntaja, pa Nsanama, pa Liwonde, pa Ulongwe ndi pa Balaka mupeza anyamata atawerama pa timatebulo, akutsegula mafoni ndi kulumikiza masola, ambiri ataphunzira okha pa YouTube. Ndikawayang'ana ndimatha kusiyanitsa amene akungosintha magalasi osweka ndi amene akufunadi kudziwa chimene chapsa m'kati. Achiwiriwa ndi ochepa, ndipo ntchito ikuwathawa, chifukwa zipangizo za masiku ano zimapangidwa kuti zikafa zitayidwe, ndipo wailesi yatsopano yotchipa imaposa pang'ono mtengo wokonzetsa yakale. Ambiri mwa iwo amakwera basi ya ku Johannesburg kudzera ku Mwanza ndi ku Tete, n'kukakonza mafoni kuseri kwa sitolo ya munthu wina.

Kumudzi kumatsala mijigo. Pampu ya Afridev, imene ili pafupifupi m'mudzi uliwonse kuno, inayambira m'Malawi momwe muno kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, ndipo inapangidwa dala kuti anthu a m'mudzi azitha kuikonza okha ndi sipanala imodzi. Timalabala take timatha pang'onopang'ono, ndipo munthu watcheru amamva kusintha kwa kalilidwe ka chogwirira milungu ingapo madzi asanasiye kutuluka. Koma komiti ya mjigo imasankhidwa pamsonkhano, mokweza manja, ndipo amasankhidwa ndi odziwa kulankhula. Mnyamata kapena mtsikana amene anamva kale kuti pampuyo ikulira mwachilendo amakhala ataima kumbuyo kwa gulu, sakweza dzanja, ndipo a mfumu ambiri sanazolowere kumuitana ndi dzina kuti, "Iwe, tabwera kuno, ukuona bwanji?"